Ekiselo ya kumbuyo yochita kupangitsa: kumene mavuto ake amayambira

Ekiselo ya kumbuyo yochita kupangitsa ikayamba kuvuta, ambiri amathamangira kunena kuti chitsulo n'chosalimba kapena kuti amisiri anawotcherera mwaulesi. Zimenezo zimachitika, koma mwa apo ndi apo. Kawirikawiri vuto limabadwa ekiselo isanapangidwe n'komwe, pa pepala la oda: muyezo umodzi wotengedwa pa malo olakwika, kapena funso limene wogula sanafunse, wopanga n'kungoliyankha yekha. Ekiselo yotereyi amaidula ndi kuiwotcherera potsata manambala a galimoto yanu, choncho ikalakwika kuibweza n'kovuta, chifukwa palibe galimoto ina imene ikuidikira. M'munsimu tikutsata mavuto amene amabwerabwera pa galimoto zoyenda m'matope, mumchenga ndi m'miyala, kuyambira pa chizindikiro chimene mukuona mpaka pa chimene chachititsa. Amene simunaode, tengani zimenezi ngati mafunso oti muyankhe musanalipire.

Matayala akukwecha chasisi, kapena atulukira kunja

Kutalika kwa ekiselo kumayezedwa m'njira zitatu, ndipo chisokonezo chimayambira pomwepo. Wina amayeza chigoba chokha, kuchoka kumapeto kwa paipi iyi kufika kumapeto kwa inayo. Wina amayeza mashafuti atalowa koma mabuleki asanaikidwe. Muyezo umene uli ndi ntchito ndi wachitatu: kuchoka pamene limu imakhala mbali iyi kufika pamene imakhala mbali inayo, madisiki kapena madilamu ali m'malo mwake. Opanga amaulemba kuti WMS to WMS. Disiki iliyonse imawonjezera mamilimita angapo, ndipo muyezo woyamba ndi wachitatu umatha kusiyana ndi masentimita oposa 10. Pa oda lembani nambala, mulembenso kuti ndi muyezo uti.

Njira yodalirika ndi kuyeza ndi malimu ndi matayala amene mudzayendere, osati akale. Chotsani ekiselo yakale, khazikani galimoto pa masitandi pa msinkhu umene imakhala ikamayenda, imikani matayala pamene mukufuna kuti adzakhale, ndipo yezani pakati pa nkhope za m'kati za malimu awiriwo. Musaiwale kuti tayala limodzi likakwera pa mwala, ekiselo yonse imapendekeka ndipo mutu wa tayalalo umaweramira m'kati. Mpata wa zala ziwiri, umene umaoneka wokwanira galimoto itaima pa simenti, umatheratu pamenepo, tayala n'kuyamba kudya chasisi, shock absorber kapena paipi ya utsi. Yerekezaninso ndi kutsogolo: kumbuyo kufanane ndi kutsogolo kapena kuchepereko pang'ono.

Ngati yafika kale ili yaifupi pang'ono, malimu a offset ina (otulutsa tayala kunja pang'ono) kapena masipesa okhala bwino pa habu amathetsa nkhaniyo, ngakhale kuti zonse ziwiri zimakankhira tayala kutali ndi bering'i n'kuisenzetsa katundu wowonjezera. Ikatalika kwambiri, chotsala ndi kudula mapaipi ndi kugula mashafuti atsopano.

Za mabowo a malimu n'zachidule koma anthu amakodwa nazo. Jeep TJ ndi Cherokee XJ zili ndi mabawuti 5 pa mamilimita 114.3, Jeep JK 5 pa 127, Hilux ya 4x4 6 pa 139.7, Defender yakale 5 pa 165.1, ndipo maekiselo ambiri olemera a ku America 8 pa 165.1. Mukasintha kumbuyo kokha, tayala la sipeya limagwira mbali imodzi basi. Funsaninso kunenepa kwa habu, chifukwa ya ekiselo ya full-float (mtundu umene tiufotokoza m'munsimu) siilowa pa bowo la pakati la malimu ambiri, ndiponso mazinga a masitadi, kuti manati anu agwire.

Ndiye difu, bokosi la magiya la pa ekiselo, idzakhala pati? Land Cruiser za 40 mpaka 80 ndi Defender yakale zili ndi difu ya kumbuyo yosendera kumanja chifukwa transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, imatulutsira kumeneko, pamene pa Jeep zambiri ili chapakati. Muyezo wopereka ndi wa pinion, giya yaing'ono yolowetsa mphamvu m'difu, osati wa chimimba cha difu, chifukwa pinion siikhala pakatikati pa chimimbacho. Mukalakwitsa apa, propshaft, shafuti yochoka ku transfer case kupita ku difu, imakwecha thanki ya mafuta kapena paipi ya utsi.

Galimoto ikudzimanga mu 4x4, kapena yatha mphamvu

Mukaika 4x4, galimoto n'kumadzimanga, matayala akukokana, transfer case ikukana kutuluka, ganizirani ratio, kuchuluka kwa maulendo amene pinion imazungulira matayala akazungulira kamodzi, musanaganizire china chilichonse. Ekiselo ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ziyenera kuzungulira mofanana. 4.10 ndi 4.11 zimakhalirana bwinobwino, chifukwa yoyamba ndi mano 41 pa 10 ndipo yachiwiri 37 pa 9, kusiyana kwake sikufika ngakhale 1 peresenti. Koma 4.10 kutsogolo ndi 4.56 kumbuyo zikusiyana ndi 11 peresenti, ndipo kusiyanako kumakathera mu transfer case, m'majoyinti, kapena m'mano a difu yofooka pa ziwirizo. Choncho pa mtengo wa ekiselo ya kumbuyo muwerengerenso wosinthira magiya a kutsogolo, ndipo muone kaye ngati ratio mukuifunayo imapezeka pa difu ya kutsogoloko.

Kachitsulo kolembedwa ratio pa chivindikiro musakakhulupirire, makamaka pa galimoto imene yadutsa m'manja ambiri. Ikani giya pa nyutulo, tsekerezani matayala ena, kwezani tayala limodzi, lembani choko pa tayala ndi pa pinion. Zunguzani tayala kawiri, linalo lili pansi, n'kuwerenga maulendo a pinion. Ngati muli difuloko (chomanga matayala awiri kuti azungulire limodzi) kapena limited slip (yowagwirizanitsa pang'ono chabe), kwezani onse awiri ndi kuwazunguza pamodzi kamodzi kokha. Maulendo anayi ndi theka, kupitirira pang'ono, ndi 4.56. Chotsimikizika kuposa apa ndi kutsegula chivindikiro: pa crown wheel, giya yaikulu ya m'difu, pamadindidwa kuchuluka kwa mano, mwachitsanzo 41 ndi 9.

Posankha ratio masamu ake ndi awa: kutalika kwa tayala latsopano, gawani ndi kwa lakale, chulukitsani ndi ratio yakale. Kuchoka pa mainchi 31 kupita pa 35 ndi ratio ya 3.73 kumapereka 4.21. Nambala imeneyo ikungobwezera injini pamene inali, osawerengera kuti tayala lalikulu ndi lolemera komanso galimoto yokwezedwa imalimbana ndi mphepo. Ndiye pakati pa 4.10 ndi 4.56, tengani 4.56. Kuti mudziwe mmene injini izidzalirira pa msewu, chulukitsani liwiro la makilomita pa ola ndi ratio ya difu, ndi ya giya yomaliza, ndi 209, kenako gawani ndi mainchi a tayala. Pa 100, giya yomaliza ya 0.75 ndi matayala a 35, ratio ya 4.56 imazunguza injini maulendo pafupifupi 2,040 pa mphindi, pamene 3.73 imapereka 1,670, pomwe injini zambiri za petulo zimalefuka, giyabokosi ya otomatiki n'kumangosinthasintha ndi kutentha. Tayala liyezeni ndi tepi, chifukwa ambiri olembedwa 35 safika pamenepo.

Musapitirirenso muyezo. Ratio ikamakwera, pinion imachepa: kawirikawiri ya 3.73 ili ndi mano 11, ya 4.56 ali 9, ya 4.88 ndi 5.13 ali 8. Pa difu yaing'ono pinion yotereyi ndi imene imayamba kuthyoka.

Pali msampha wina kwa amene akugula difuloko payokha. Pa maekiselo ambiri a kampani ya Dana, chonyamula crown wheel, chimene madifuloko ambiri amalowa m'malo mwake, chili cha mitundu iwiri malinga ndi ratio. Dana 44 imagawika pakati pa 3.73 ndi 3.92, Dana 60 pakati pa 4.10 ndi 4.56. Mukagula ya mbali yolakwika, mano sakumana pokhapokha mutapeza crown wheel yokhuthala yopangidwira zimenezo. Ford 9 inchi ilibe vuto limeneli. Difuloko iyeneranso kufanana ndi mashafuti pa kuchuluka kwa ma spline, timizere timene shafuti imalumira m'difu.

Kunjenjemera kumene kunalibe kale

Ili ndiye vuto limene limadyera anthu ndalama zambiri. Munthu amayamba ndi kubalansa matayala, kenako majoyinti atsopano, kenako propshaft yatsopano, pamene cholakwika ndi kupendekeka kwa pinion. Siyanitsani kaye. Kunjenjemera kwa tayala kumagwedeza galimoto momveka kugunda kwake. Kwa propshaft n'kofulumira, kumamveka m'mpando ndi pansi pa mapazi, galasi loonera kumbuyo n'kuchita chimbuuzi, chifukwa propshaft imazungulira kanayi kapena kasanu tayala likazungulira kamodzi.

Universal joint, joyinti ya kumapeto kwa propshaft, ikapindika siizungulira pa liwiro limodzi. Imafulumira ndi kuchedwa kawiri pa kuzungulira kulikonse. Pa propshaft wamba, ya joyinti imodzi mbali iliyonse, joyinti yachiwiri imafafaniza zimene yoyamba yachita, koma pokhapokha zonse zitapindika mofanana. Ndiye kuti ngati shafuti yotuluka mu transfer case yaloza pansi madigiri 4, pinion iloze m'mwamba madigiri 4. Majoyinti awiriwo asasiyane kupitirira digiri imodzi. Pa galimoto yoyenda kwambiri pa phula, joyinti iliyonse ipindike pakati pa digiri 1 ndi madigiri 3. Kupitirira apo moyo wake umafupika, ndipo ikawongokeratu timasingano ta m'kati sitigudubuzika, timangodinda malo amodzi mpaka kukumba.

Galimoto yokwezedwa, makamaka yaifupi, madigiri amenewa imawapitirira kutali. N'chifukwa chake ambiri amasinthira ku propshaft ya double cardan, ya majoyinti awiri ophatikana cha ku transfer case. Apa lamulo limatembenuka. Awiri ophatikanawo amafafanizana okha, choncho joyinti ya ku difu iyenera kukhala pafupifupi yowongoka: pinion iloze mu mzere wa propshaft. Pa masipuling'i ophwathalala isiyeni pansi pa mzerewo ndi digiri 1 kapena 2, chifukwa mukaponda moto ekiselo imadzipotoza, pinion n'kudzuka. Ekiselo yowotchereredwa pa lamulo loyamba ikapatsidwa propshaft ya lamulo lachiwiri imanjenjemera, ngakhale chilichonse chikhale chatsopano. Propshaft isankheni musanaode ekiselo.

M'maganizo mwathu, ngati galimoto yanu yasinthidwa zambiri ndipo siikufanananso ndi zinzake za mtundu wake, ndi bwino kupempha wopanga kuti mabulaketi abwere osawotcherera, kapena ongogwiriziza. Ikani ekiselo, tsitsani galimoto kuti kulemera kwake konse kukhale pa matayala, thanki ili ndi mafuta, katundu wa masiku onse ali m'kati. Yezani ndi kachipangizo ka madigiri kokhala ndi maginito, pa nkhope ya transfer case, pa propshaft ndi pa nkhope ya pinion. Gwirizizani mabulaketi ndi timadontho ta kuwotcherera, kwezani ndi kutsitsa ekiselo mpaka malire ake kuti muone ngati pali chogunda, ndipo mukakhutira ndi pamene muwotchereretu. Kuyeza galimoto ili pa jeki, ekiselo ikulendewera, kumapereka nambala yabodza.

Ngati zawotchereredwa kale, pa masipuling'i ophwathalala mutha kuika timphero ta chitsulo pakati pa sipuling'i ndi mpando wake, tomangidwa ndi bawuti ya pakati. Ta aluminiyamu timasweka ndi kutuluka. Kukonza kukafuna madigiri oposa 6, dulani mipandoyo muwotcherere mwatsopano. Pa ekiselo yogwiridwa ndi mikono, mikono ya pamwamba yotha kutalikitsa imakonza pinion, koma kumbukirani kuti imapendeketsanso mipando ya masipuling'i ndi mabulaketi a ma shock absorber.

Kunjenjemera kongobwera ponyamuka kapena pokwera chitunda mu giya yaing'ono ndi ekiselo imene ikudzipotoza pa masipuling'i ofewa, ndipo mankhwala ake ndi mkono woletsa kupotokako, osati timphero. Kosatha pa liwiro lililonse, onani ngati propshaft inalumikizidwa mafoloko a mbali ziwiri ali mu mzere umodzi. Onaninso kutalika kwake. Mphuno ya Dana 60 ndi yaitali kuposa ya difu yaing'ono imene yachoka, choncho propshaft yakale imakhala yatalika, ndipo ekiselo ikakwera mpaka malire imakankha transfer case n'kuing'amba. Yezani malo atatu: galimoto itaima, ekiselo italendewera, ndi itakwereratu. Pa oda tchulaninso kukula kwa joyinti, kaya 1310, 1330, 1350 kapena 1410.

Chimodzi chimene chimaiwalika: pinion ikadzutsidwa kwambiri, oyilo amathawira kumbuyo ndipo bering'i ya kumphuno imauma. Pemphani kuti bowo lothirira oyilo likwezedwe.

Mashafuti akuthyoka

Tengani injini ya 300 Nm, giya yoyamba ya 4, low range (giya yotsitsa liwiro ya mu transfer case) ya 2.72 ndi difu ya 4.56. Mukachulukitsa zonse, ku mashafuti kukhoza kufika pafupifupi 14,900 Nm. Nthawi zambiri tayala limaterereka mphamvuyo isanakwane. Koma difuloko ikamangidwa, tayala limodzi lili m'mwamba, linalo lapanika pakati pa miyala, zonse zimadutsa mu shafuti imodzi. Choipitsitsa ndi tayala limene likuzungulira mwaliwiro m'malere kenako n'kugwira pansi mwadzidzidzi.

Kulimba kwa shafuti kumakwera msanga ikanenepa pang'ono chabe. Ya Dana ya ma spline 30 ndi mainchi 1.31, ya 35 ndi mainchi 1.5, ndipo kusiyana kochepako kumawonjezera mphamvu pafupifupi ndi theka. Chitsulo chake chili ndi gawonso: 4340 chromoly imapirira kupotoka kuposa chitsulo cha mashafuti wamba, ndipo 300M imaposa apo. Mwa zimene ambiri amatsata, Dana 35 yokhala ndi difuloko imavutika pa matayala a mainchi 33, Dana 44 ndi Ford 8.8 zimafika cha pa 35, ndipo kuyambira 37 mukulowa m'gulu la Dana 60, Ford 9 inchi ya mashafuti akulu, kapena 14-bolt ya GM. Kulemera kwa galimoto ndi phazi la woyendetsa zimasuntha malire amenewa.

Dzina lokha lisakunyengeni. Crown wheel ya Dana 60 ndi mainchi 9.75 pamene ya Dana 44 ndi 8.5, koma ma Dana 60 ambiri a kumbuyo ochokera ku fakitale ali ndi mashafuti a ma spline 30, onenepa chimodzimodzi ndi a Dana 44. Funsani ma spline, kunenepa ndi mtundu wa chitsulo, ndipo zilembedwe. Funsaninso ngati ndi high pinion. Pinion yokwera imateteza propshaft ku miyala, koma kumbuyo imakankhira pa mbali yofooka ya mano, choncho ikufuna difu yokulirapo kuti ifanane mphamvu ndi yotsika.

Funso lalikulu ndi la semi-float kapena full-float. Pa semi-float shafuti imodzimodziyo imazunguza tayala ndi kusenza galimoto. Ikathyoka, tayala limapendama, ndipo pa mtundu wogwiridwa ndi C-clip m'kati mwa difu, monga Ford 8.8 ndi Dana 35 zambiri, tayala likhoza kusololoka pamodzi ndi chidutswa cha shafuti. Pa full-float habu ili ndi mabering'i ake awiri pa paipi, shafuti imangozunguza basi. Ikathyoka mumaisolola tayala lili pansi, kutseka bowo, n'kubwerera ndi kutsogolo kokha. Kwa galimoto yonyamula katundu wolemera maulendo ataliatali kutali ndi thandizo, full-float ndi yoyenera ndalama zake. Kwa galimoto yopepuka, semi-float ya ma spline 35 yokhala ndi mabering'i a taper imakwanira, ndipo kugula chinthu chachikulu mopyola kuli ndi mtengo wake: 14-bolt ndi yolemera, chimimba chake chimalendewera pansi, ndipo pa matayala aang'ono imadya mpata umene munakwezera galimoto.

Shafuti yothyoka musaitaye musanaiwerenge. Ma spline opotoka ngati nsalu yofinyidwa akusonyeza kuti mphamvu inaposa chitsulo. Ma spline odyeka chakumapeto kokha akusonyeza kuti shafuti ndi yaifupi, siinalowe mokwanira m'difu, ndipo limenelo ndi vuto la muyezo. Kuthyokera pafupi ndi tayala ndi nkhani ya kupindika: katundu wochuluka, masipesa okhuthala, kapena chigoba chokhota. Shafuti yatsopano ijambuleni mzere wowongoka wa penti kuchoka uku kufika uko musanaiike. Mzerewo ukadzayamba kukhota, shafutiyo yayamba kugonja.

Oyilo akudontha, mabering'i akufa mobwerezabwereza

Silo imodzi ikadontha kamodzi, isintheni. Ikadonthanso mbali yomweyo pasanapite nthawi, kapena bering'i ya mbali imodzi ikamangofa, chigoba n'chokhota. Kawirikawiri chimakhota powotcherera mabulaketi, chifukwa chitsulo chikamazizira chimakokera ku mbali imene chatenthedwa. Wopanga wodziwa ntchito amawotcherera mabulaketi ndi chitsulo cholimbitsa pamwamba poyamba, kenako n'kulowetsa mtanda wowongoka kudutsa m'mipando ya mabering'i a difu, ndipo malekezero a mapaipi amawaika pomaliza potsata mtandawo. Mufunseni ngati amatero. Ngati mabulaketi muwotcherera nokha, chitani timizere tifupitifupi, kusinthana mbali, kusiya chitsulo chizizire, mabering'i ndi masilo atachotsedwa. Chimimba cha chitsulo choumba chimafuna kutenthetsa kaye, ndodo ya nickel, ndi kuzizira pang'onopang'ono, apo ayi chimang'aluka m'mbali mwa msoko.

Kuti muone ngati n'chokhota, yezani mtunda wa pakati pa malimu awiri kutsogolo, kumbuyo, pamwamba ndi pansi. Pa ekiselo yowongoka miyezo inayi imafanana. Makina oyezera alayimenti amaonetsa zimenezi mosavuta. Paipi ya mainchi 3 yokhuthala kota ya inchi imakwanira ntchito wamba, koma galimoto yolemera kapena yodumphitsidwa ikufuna yokhuthala kuposa apo. Onaninso polowera paipi m'chimimba: dzimbiri lofiira kapena penti yosweka mozungulira ndi chizindikiro chakuti paipi yayamba kuzungulira.

Masilo onse akamadontha nthawi imodzi, onani kapaipi kopumira. Kakatsekeka ndi matope, mpweya wotentha umakankhira oyilo kunja. Kakakhala kotsika, difu yotentha ikalowa mumtsinje imazizira mwadzidzidzi n'kuyamwa madzi, oyilo n'kutuwa. Kokerani paipiyo m'mwamba, kumtunda kwa chasisi, n'kusiya utali wokwanira kuti ekiselo ikalendewera isazuke.

Difu ikulira

Choyamba, onani oyilo. Maekiselo ambiri atsopano amatumizidwa ouma.

Kulira kobwera mukaponda moto, kosiya mukachotsa phazi, kawirikawiri ndi mano amene sakukumana pa malo ake, ndiye kuti kuya kwa pinion sikunakonzedwe bwino. Kulira kobwera mukachotsa phazi kumaloza ku mabering'i a pinion amene amasuka, kapena ku mpata wa mano. Kuguguda kosintha mukakhotera kumanzere kapena kumanja ndi bering'i ya tayala. Tsegulani, pakani mano utoto woyezera, zunguzani muone pamene akukhudzana: chidindo chikhale chapakati pa dzino, osati kunsonga kapena kutsinde. Mpata wa mano uyezeni ndi dial indicator pa malo atatu kapena anayi. Pa Dana zambiri umakhala mamilimita 0.15 mpaka 0.25, koma tsatirani nambala ya wopanga magiyawo. Mano akangoyenda nthawi yaitali pa malo olakwika, kulirako sikutha ngakhale muwakonze, choncho musachedwe. Poda, pemphani sipesa yolimba pakati pa mabering'i a pinion m'malo mwa yofinyika, chifukwa yofinyikayo imamasuka difu ikamamenyedwa ndi miyala.

Magiya ambiri atsopano amafa sabata yoyamba chifukwa cha kutentha. Yendani mofatsa makilomita 25 mpaka 30, imani difu izizire, bwerezani kangapo. Makilomita 800 oyamba musakoke ngolo kapena kuthamanga liwiro limodzi nthawi yaitali, kenako sinthani oyilo. Thirani wa GL-5, kulemera kwake monga 80W-90 kapena 85W-140 potsata wopanga. Limited slip ya makilachi ikamagwedera pokhota ikufuna mankhwala ake othira mu oyilo, pamene ya magiya monga Truetrac siiwafuna. Pa difuloko ya Detroit Locker, kugunda ndi kuthetheka pokhota ndi chikhalidwe chake. Difuloko ya mpweya ya ARB Air Locker ikakana kugwira, kapena kompuresa ikamangodzuka yokha, pakani madzi a sopo pa paipi ya mpweya. Mpweya ukamatulukira pa kapaipi kopumira ka difu, silo ya m'kati yatha.

Mabuleki asintha khalidwe

Makalipa (zofinya madisiki) akulu amamwa mafuta ambiri a mabuleki, choncho master cylinder (pampu yokankhidwa ndi pedulo) yakale imapangitsa pedulo kupita pansi kwambiri. Musanaiimbe mlandu, onani ngati kabawuti kotulutsira mpweya kali pamwamba pa kalipa. Makalipa akasinthanitsidwa mbali kamakhala pansi ndipo mpweya sutuluka. Mukachoka pa madilamu kupita ku madisiki, mabuleki n'kumagwira okha ndi kutentha, fufuzani valavu yosunga mphamvu ya 10 psi imene galimoto zakale za madilamu zimakhala nayo. Iyenera kuchoka.

Choopsa kwambiri ndi matayala a kumbuyo kumanga a kutsogolo asanamange, chifukwa galimoto imatembenuka. Yesani pa malo a fumbi opanda anthu, wina akuyang'ana ali patali, ndipo zikatero ikani valavu yochepetsera mphamvu ya kumbuyo. Mapikapu ambiri ali ndi valavu yomva katundu yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo, ndipo bulaketi yake iyenera kukhala pa oda. Chimodzimodzi handibuleki, imene maekiselo ena opangitsa sabwera nayo, chikhalirecho malamulo a pamsewu m'maiko ambiri amaifuna. Pa galimoto ya ABS, mphete ya mano imene sensa imawerenga ikhale ndi mano ofanana ndi yakale, apo ayi nyali imayaka ndipo pa galimoto zina sipidomita imasokonekera. Limu ya mainchi 15 siivala makalipa ambiri akulu.

Tsiku limene yafika

Musaipake penti, musaiwotcherere, musaiboole musanaiyeze, chifukwa mukangoikhudza wopanga ali ndi chifukwa chokanira. Itsitseni pa masitandi, pepala la oda lili m'manja. Yezani WMS to WMS ndi pamene pinion yakhala. Valikani limu yanu mbali zonse ziwiri n'kuizunguza. Werengani ratio ndi choko. Sololani shafuti imodzi muwerenge ma spline. Yesani difuloko ndi mpweya kapena magetsi isanalowe pansi pa galimoto. Chilichonse chosiyana ndi oda chijambuleni tepi ikuoneka, mutumize tsiku lomwelo.

Ikalowa, mabawuti a mikono ndi a masipuling'i muwamangitse galimoto itatsika pa matayala ake, kuti mabushi asapotoke. Mukayenda makilomita 80 mpaka 100, bwerezani ndi torque wrench manati a matayala, ma U-bolt ndi mabawuti a propshaft, chifukwa penti ndi zitsulo zatsopano zimakhazikika n'kumasula zomangira. Posintha oyilo woyamba yang'anani maginito a pa chotsekera: phala lotuwa losalala ndi la mano amene akuzolowerana, koma tizidutswa tomveka pakati pa zala tikutanthauza kuti difu itsegulidwe isanayendenso.